Owotcherera Galasi a ku Zomba

Ulusi wa faiba wonyamula mawu, zithunzi ndi ndalama za pafoni pakati pa Zomba ndi Blantyre ndi galasi lenileni. Ndi wowonda zedi: timaulusi 8 titagundizana ndi pamene tingakwane milimita imodzi. Kuwala kumene kumanyamula zonsezi sikudzaza ulusi wonsewo ayi, kumangoyenda pakati penipeni, m'kanjira ka mamaikiloni pafupifupi 9. Ulusi wotere ukaduka pamafunika munthu woti alunzanitse tinjira tiwiri timeneti ndendende, ali m'mbali mwa msewu wa M3, malole akumuwazira fumbi. Ndimawapatsa ulemu anthu a ntchitoyi, chifukwa luso lawo likakwana m'pamene aliyense amaiwala kuti alipo.

Mmisiri wodziwa amayamba wakonza malo asanakhudze chingwe. Fumbi la mu Okutobala ndi mdani wake, chimodzimodzinso mvula yowaza ya chiperoni. Choncho amakokera nsonga ziwiri zodukazo m'galimoto kapena pansi pa tenti, n'kupukuta manja, n'kuyala zida. Amasenda khungu lakuda la chingwe, n'kuchotsa mafuta onanda a m'kati, mpaka timaulusi tionekere, kalikonse ndi mtundu wake. Mitunduyo ilipo 12 ndipo amailoweza motsatana: wabuluu, waolenji, wobiriwira, wabulauni, mpaka kumapeto. Wabuluu wa mbali ino akumane ndi wabuluu wa mbali inayo. Akangosokoneza, banki ndi sukulu zisinthana mizere, ndipo zonse ziwiri zikhala duu.

Asanachite china chilichonse amaloweza kachubu kotetezera ku nsonga imodzi, poti wakaiwala amadzakakumbukira atalumikiza kale, pamene palibenso polowetsera. Kenako amasupula utoto wa ulusi ndi kapulayala kake, n'kuupukuta ndi kansalu konyowetsa ndi spiliti mpaka ulire kuti tswii. Kulira kumeneko ndiko kumamuuza kuti galasi layera. Kudula sadula ndi lumo. Kachida kotchedwa cleaver kamangokanda galasi pang'ono n'kulithyola, ndipo nkhope ya pothyokapo iyenera kukhala yowongoka, yosapendekeka kufika digiri imodzi. Nsonga ziwirizo amazigoneka m'tingalande ta makina owotcherera, n'kutseka chivundikiro. Pa kasikirini zimaoneka zazikulu, zikusendererana pang'onopang'ono, makina akuzikweza ndi kuzitsitsa mpaka mitima yake iyang'anizane. Moto wa magetsi umangoti ng'ani, ndipo m'masekondi ochepa magalasi awiri asanduka limodzi.

Apa m'pamene pamasiyana mmisiri ndi wongogwira ganyu. Makina amalemba chiyerekezo cha kuwala kumene kutayike pa mfundoyo. Akalemba 0.02 dB, ntchito yakoma. Akalemba zopitirira 0.1, intaneti ibwerabe ndithu, ndipo palibe kasitomala angadandaule lero. Koma mmisiri weniweni amathyola mfundoyo n'kuyambiranso, ngakhale dzuwa likulowa kuseri kwa phiri, chifukwa amadziwa kuti mzere umodzi umakhala ndi mfundo zambiri ndipo timatayidwe tonseto timaphatikizana. Akamaliza amazengeza ulusi wotsala m'kambale kake mofatsa, osaupinda kwambiri, poti kuwala kumathawira pokhota mwamphamvu. Tizidutswa ta galasi amatitolera m'kabotolo, popeza tikalowa m'chala sitioneka. Ndipo wophunzira akafuna kusuzumira ku nsonga ya ulusi, wamkulu amamugwira dzanja: “Mphwanga, usayang'anemo, muli moto.” Kuwala kwa m'menemo maso sakuona, koma kungathe kuwaononga.

Chimene chimayenda m'galasimo kawirikawiri masiku ano ndi Ethernet. Robert Metcalfe ndi anzake anaiyambitsa mu 1973 ku Xerox PARC, ku California, kuti makompyuta a m'nyumba imodzi azilankhulana. Inali yotchipa ndi yosavuta, koma yosalonjeza kanthu: mzere ukadzaza, uthenga wina umangotayika. Makampani a telefoni anazolowera zina. Muyeso wawo wotchuka ndi 99.999 peresenti, kutanthauza kuti pachaka chathunthu mzere ungazime mphindi 5 zokha ndi masekondi pang'ono. Kuyambira 2001, pamene bungwe la Metro Ethernet Forum linakhazikitsidwa, akatswiri akhala akuiphunzitsa Ethernet mwambo wa telefoni umenewu, ndipo zotsatira zake ndi zimene amazitcha Carrier Ethernet.

Mwambo woyamba ndi wosiyanitsa katundu. Mzinda wa Zomba unaleka kukhala likulu mu 1975, koma muli University of Malawi, MANEB, National Statistical Office, chipatala chachikulu, mabanki, ndi nsanja za TNM ndi Airtel. Kukumbira aliyense wa amenewa ngalande yakeyake sikungatheke. Choncho amatha kuyendera ulusi umodzi, koma kaphukusi kalikonse ka uthenga kamamatidwa chizindikiro, monga amachitira ndi matumba a chimanga okwera lole imodzi, lililonse ndi dzina la mwini wake. Kasitomala amaika chizindikiro chake, kampani n'kuwonjezera china pamwamba, chimene imachichotsa pofika. M'chizindikiromo mulinso malo onena kufulumira kwa katunduyo, magulu 8. Mawu a munthu amene akuimba foni amadutsa patsogolo, chifukwa akachedwa pang'ono chabe kukambirana kwasokonekera, pamene imelo ingathe kudikira. Woika manambala amenewa pa makina ogawa uthenga otchedwa switch amagwira ntchito yake usiku anthu atagona, ndipo nambala imodzi yolakwika ingazimitse tauni yonse. N'chifukwa chake wanzeru amalemba kaye njira yobwerera asanakhudze batani.

Mwambo wachiwiri ndi umene umandisangalatsa koposa. Mizere imamangidwa mozungulira, kuti malo alionse akhale ndi njira ziwiri zotulukira. Komabe Ethernet imadana ndi kuzungulira: uthenga ungamayende osaima mpaka kutsamwitsa zonse. Ndiye muyeso wa G.8032 wa bungwe la ITU umati chigawo chimodzi chitsekedwe dala, chizingodikira. Makina oyandikana amatha kupatsana moni mamilisekondi 3.3 alionse. Moni ukasowa katatu amadziwa kuti kwaduka, chigawo chotseka chija n'kutseguka, katundu yense n'kukhotera mbali inayo pasanathe mamilisekondi 50. Mayi amene akutumizira mwana wake ndalama pa Mpamba ali ku Chinamwali sadziwa n'komwe kuti khasu la munthu wolima m'mbali mwa msewu langodula chingwe.

Komatu njira ziwiri za papepala si njira ziwiri za pansi, ndipo Zomba amayesa munthu pa mfundo imeneyi. Tauni inatsamira phiri lotalika mamita oposa 2,000, misewu ikuluikulu yotulukira ndi yowerengeka, ndipo Likangala ndi Mulunguzi amawolokedwa pa milatho yodziwika. Zingwe ziwiri zikadutsa pa mlatho umodzi, madzi osefukira ngati a namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 amazitenga tsiku limodzi. Wokonza mapulani wabwino sakhulupirira mapu okha. Amavala jombo n'kuyenda mzere wonse, akufunsa kuti ngalande iyi ikumana pati ndi inayo, mtengo uti wa paini ungagwere chingwe panjira ya ku Ku Chawe, moto wolusa umadutsa pati m'chilimwe. Faiba ya ESCOM yoyenda pamwamba pa nsanja za magetsi ili ndi phindu pano, chifukwa zimene zimavutitsa chingwe cha pansi, monga khasu, makina okonza msewu ndi akuba oyesa kuti muli kopa, sizimaifikira. Magetsi nawo ndi nkhani: namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo switch yopanda mabatire osamalidwa bwino siingalonjeze chilichonse.

Njira yachiwiri ikanyamula katundu, wotchi imayamba kuthamanga, poti tsopano palibenso yachitatu. Mmisiri amalumikiza makina a OTDR, amene amaponya kuwala mu ulusi n'kuyeza nthawi imene kumatenga kuti kubwerere. Popeza m'galasi kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, makinawo amanena mtunda wa podukapo. Koma mtunda wa chingwe si mtunda wa msewu: m'maenje ndi pa mapolo mumasiyidwa zingwe zozengeza zodzathandiza pokonza. Wosunga kaundula wa zozengeza zonsezi amakakumba malo amodzi. Wosasunga amakumba tsiku lonse. Kulemba dzina pa chingwe chilichonse ndi kukonza mapu ukangomaliza ntchito n'kotopetsa, ndipo palibe amakuyamikira, koma kumapulumutsa mnzako amene adzabwere usiku wa mvula patapita zaka.

Malire a lusoli aliponso. Dziko lathu lilibe doko la pa nyanja ya mchere, ndipo intaneti yathu imadalira zingwe za pansi pa nyanjayo, monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010, kudzera m'maiko oyandikana nawo. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwirizi zinaduka, ndipo intaneti inavuta ku Malawi kuno pamodzi ndi ku Tanzania, Kenya ndi Mozambique. Mfundo yabwino ya pa Matawale sikanaletsa zimenezo. Komabe uthenga wochoka ku Zomba kupita ku Blantyre sufunika kuwoloka nyanja ngati makampani akukumana pa Malawi Internet Exchange, imene inayamba ku Blantyre mu 2008. Funso limene wokonza mapulani amafunsa pa mlatho wa Likangala liyenera kufunsidwanso pa malire a dziko, pa Mwanza, pa Mchinji ndi pa Songwe, ndipo oyenera kukhala pa tebulo poyankha ndi anthu amene anayendapo mizereyo wapansi.