Kope la Mbiri Yakale, ndi Anthu Amene Sanalembedwemo

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, amene anayamba sekondale chaka chatha pa sukulu ina ya kuno ku Chiradzulu, anadza kwathu kudzapumula, natenga makope ache. Popeza ine ndine malume wache, ndipo ndalama za sukuluyo zituluka m'munda wanga wa nandolo ndi tomato, ndinayesa kuti sikulakwa kuona chimene ndiri kugula. Ndinatsegula kope la phunziro la mbiri yakale, ndi kuliwerenga lonse madzulo awiri. Tsono ndifuna kunena pano chimene ndinapezamo, chokoma ndi chosakoma chomwe.

Kopelo ndi laudongo, ndipo zolembedwamo nzoona. Muli anthu a ku Egypt ndi mtsinje wao wa Nile, muli Babylon ndi malamulo a mfumu Hammurabi, muli Agiriki, Aroma, ndi anthu a ku China. Koma mtundu uli wonse auika mofanana ndi unzache: pamene unakhala, zifukwa zisanu zimene unakulira, zinthu zisanu zimene unapatsa dziko lapansi, zifukwa zisanu zimene unagwera. Mitundu yaikulu imeneyi yaunjikidwa monga milu ya tomato pa msika wa Mbulumbuzi, mulu uli wonse msinkhu umodzi ndi mtengo umodzi. Mwanayo anailoweza yonse pamtima, nainena osaphonya. Koma nditamfunsa kuti, "Mwa anthu onsewa, ndani amene ukadakonda kukhala mnansi wache?" anandiyang'ana modabwa, nati, "Amalume, zimenezo sizibwera pa mayeso."

Alipo ena m'midzi mwathu amene anena kuti phunziro lotere lichotsedwe. Mkulu wina wa mpingo anandiuza kuti Farao sadzalima m'munda wa munthu, ndipo kuti nkwabwino mwana aphunzire za feteleza. Ine sindibvomerezana naye, pakuti anthu akale amenewa ali m'nyumba zathu ngakhale sitiwaona. Zilembo zimene muli kuwerengazi zinayamba ndi amalonda a ku Phoenicia, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Agiriki anazitenga naonjezapo, zinafika kwa Aroma, ndipo amishoni anadza nazo kuno. Manambala amene tiwerengera ndalama anachokera ku India, napitirira mwa Aluya. Ola liri ndi mphindi 60 chifukwa anthu a ku Babylon anawerenga ndi 60. Miyezi ya Julaye ndi Ogasiti iri ndi maina a Julius Caesar ndi Augustus, akulu a ku Rome. Pepala ndi tiyi nza ku China. Ndipo pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, pamene panali mudzi waukulu wa Amaravi, Dr Yusuf Juwayeyi anakumba napeza mikanda yagalasi yodzera kunyanja yamchere ndi zidutswa za mbale za ku China, kusonyeza kuti makolo athu anagula katundu wa ku Asia zaka mazana zapitazo. Dr Banda nayenso anakhulupirira kuti mwana wa dziko lino ayenera kudziwa zakalezi, namanga Kamuzu Academy pa Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981, kumene ana anaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Maganizowo anali abwino, koma chakudyacho chinaphikidwa mu mphika umodzi wa ana owerengeka, ndipo maso ache anali pa Athens ndi Rome pokha. Ana ena onse a dziko lino chao ndi kope longa limene ndiri kunenali. Chifukwa chache liyenera kuyesedwa bwino.

Cholakwa choyamba nchaching'ono, koma chinandimvetsa chisoni. Mwana ameneyu wakhala m'kalasi ya Sande sukulu kuyambira ali wamng'ono, ndipo adziwa Aigupto, Babulo, Atene ndi Kaisara Augusto. Koma sanadziwe kuti Egypt wa m'kope ndiye Aigupto wa Yosefe, kapena kuti Cyrus, mfumu ya ku Persia imene inalanda Babylon m'chaka cha 539 asanabadwe Kristu, ndiye Koresi wa m'buku la Ezara, amene analola Ayuda kubwerera kwao. Dziko limodzi lomwelo analiika m'nkhokwe ziwiri, ina ya Chinyanja ya Lamulungu, ina ya Chizungu ya Lolemba, ndipo palibe anamuuza kuti chimangacho nchimodzi. Mau awiri okha a mphunzitsi akadakonza zimenezi.

Cholakwa chachiwiri ndicho chachikulu. M'kope lonselo mulibe munthu wosenza katundu. Muli mafumu, muli anzeru, muli zomangidwa. Koma manja amene anazimanga mulibe.

Taonani za piramidi. Kope linena kuti mfumu Khufu anamanga piramidi yaikulu pa Giza, pafupi ndi chaka cha 2560 asanabadwe Kristu, yotalika mamita 146. Nzoona. Koma Khufu sananyamule mwala ngakhale umodzi mwa miyala yoposa 2,000,000 imene iri pamenepo. Makono ano tidziwa zambiri za iwo amene anainyamula. Okumba zakale, akutsogoleredwa ndi Mark Lehner ndi Zahi Hawass, anapeza mudzi wa anchitowo, malo ophikira buledi wao, mafupa a ng'ombe ndi nkhosa zimene anadya, ndi manda ao pafupi ndi piramidiyo. Mu 2013, pa Wadi al-Jarf m'mphepete mwa Nyanja Yofiira, anapeza zolemba za kapitao wina dzina lache Merer, amene analemba tsiku ndi tsiku momwe iye ndi gulu lache anatengera miyala yoyera pa Tura, naiolotsa m'ngalawa kunka nayo ku Giza. Ambiri a anthuwa sanali akapolo ogulidwa, komanso sanali Aisrayeli, monga ena a ife tiyesa: piramidi imeneyi inamangidwa zaka zoposa chikwi isanafike nthawi imene ambiri aikapo Mose, ndipo nchito ya Aisrayeli inali ya njerwa. Anali alimi a dziko lomwelo, oitanidwa mosinthana kudzagwira nchito ya mfumu, pakuti dziko linayesedwa la mfumu.

Kodi ife a ku Chiradzulu tifunikira munthu wotimasulira chinthu chotere? Tiri nalo kale dzina lache, ndilo thangata. Poyamba mauwa anali okoma, kuthangata mnzako kapena mfumu yako pa nchito ya m'munda. Koma Azungu atatenga minda yaikulu, monga ya A. L. Bruce pa Magomero, thangata linasanduka nchito ya lendi: munthu wokhala pa mundawo anagwira mwezi umodzi chifukwa cha malo, ndi mwezi wina chifukwa cha msonkho wa nyumba, ndipo masiku amene sanatsirize gawo lache sanawerengedwe, kotero kuti miyezi iwiri inatalika ngati chingwe cha mphira. Ambiri amene analisenza anali Alomwe ofika kumene kuchokera ku dziko la Apwitikizi, osowa kwina kopita. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, ndipo akali moyo anthu amene anaona atate ao alikupita ku thangata mbandakucha. Mwana wa ku London ayenera kufotokozeredwa nthawi yaitali kuti amve nchito ya piramidi; mwana wa ku Chiradzulu angofunsa agogo ache.

Sindinena kuti ziwirizi nzofanana monse ai. Mafupa a anchito a pa Giza asonyeza kuti ena othyoka miyendo ndi manja anachizidwa napola, ndipo anaikidwa m'manda mwaulemu pafupi ndi mfumu yao. Kapena ambiri a iwo anakhulupirira kuti nchitoyo njopatulika. Wa thangata sanakhulupirire chotero za thonje la Mzungu. Koma kusiyanitsa kumeneku ndiko phunziro lenileni. Mwana amene angathe kunena pamene zifanana ndi pamene zisiyana wayamba kuganiza, ndipo sadzaiwala Khufu ngakhale mayeso atapita.

Chimodzimodzi za China. Kope litama mfumu Qin Shi Huang, amene anagwirizanitsa dzikolo m'chaka cha 221 asanabadwe Kristu, nalinganiza zilembo, ndalama ndi miyeso, namanga linga lalitali kumpoto. (Linga limene tiona pa zithunzi si lache kwenikweni, lalikulu lache linamangidwa pa nthawi ya mafumu a Ming, pakati pa 1368 ndi 1644.) Pa zifukwa za kugwa kwa ufumuwo kope lingoti anthu anapanduka. Koma nkhani yache iripo, yolembedwa ndi Sima Qian, mlembi wa mbiri wa dziko lomwelo. M'chaka cha 209 asanabadwe Kristu, amuna osauka 900 anatengedwa mokakamiza kukalondera malire. Mvula yaikulu inawatsekereza panjira, naona kuti sadzafika tsiku loikika, ndipo chilango cha kuchedwa chinali imfa. Atsogoleri ao awiri, Chen Sheng ndi Wu Guang, anaganiza kuti ngati imfa iri kutsogolo ndi kumbuyo komwe, nkwabwino kufa ali chiriri. Iwo anaphedwa miyezi ingapo itapita, koma moto umene anayatsa unatha ufumuwo zaka zitatu zisanakwane. Ndani wa kuno angamve nkhani imeneyi osakumbuka Mbombwe, kumene John Chilembwe anakhazika mishoni yache mu 1900, ndi usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu ache anauka napita ku Magomero? Nayenso anafa masiku owerengeka atapita, pa 3 Febuluwale. Mwana wa mlongo wanga adziwa Chilembwe bwino lomwe, nkhope yache aiona pa ndalama. Koma anamuika m'nkhokwe yachitatu, kutali ndi China.

Za Agiriki ndinene mwachidule, ngakhale pamenepa mpamene kope litamanda kopambana. Linena kuti Athens ndiye mai wa demokalase, kuyambira pa Cleisthenes m'chaka cha 508 asanabadwe Kristu. Nzoona, ndipo ulemu umenewo ngwao. Koma silinena kuti ovota anali amuna aufulu obadwira momwemo okha. Akazi, alendo ndi akapolo analibe mau. Silinena kuti siliva amene anamangira zombo za Athens anakumbidwa ndi akapolo m'migodi ya Laurion, kapena kuti Aristotle, wanzeru wamkulu uja, anaphunzitsa kuti anthu ena anabadwira ukapolo. Aroma nao, atagonjetsa akapolo opanduka a Spartacus m'chaka cha 71 asanabadwe Kristu, anapachika 6,000 a iwo m'mbali mwa mseu wa Via Appia. Ife amene tikhala pafupi ndi Magomero, pamene Bishopu Mackenzie anakhazikika mu 1861 pamodzi ndi anthu omasulidwa m'magoli, sitiyenera kupatsa ana athu mbiri ya mitundu yosunga akapolo imene akapolowo afafanizidwamo. Ndiponso mtsikana wa kwathu kuno, kumene munda ndi mudzi zitsata kuchikazi, akadakhala ndi funso lache lofunsa amuna a ku Athens.

Sindiika mlandu wonse pa mphunzitsi. Ana ali ambiri m'kalasi, mabuku ngochepa, phunzirolo liri m'Chizungu chimene mwana akali kulimbana nacho, ndipo mayeso afuna mayankho owerengeka pa zala. Munthu wopanikizidwa chotero alemba pa bolodi zimene zidzapulumutsa ana ache, ndipo sindimnyoza. Koma chimene ndipemphachi sichifuna buku latsopano kapena ndalama. Chifuna kuti pa mfumu iri yonse mphunzitsi afunse kuti, ndani anasenza, anadya chiani, ndipo pamene anatopa anachita chiani; natume ana kukafunsa akulu a kwao funso lomwelo. Aphunzitsi eni ache akadakondwera kudziwa kuti kunyanyala nchito koyamba kumene kunalembedwa m'mbiri kunachitika ku Egypt, pa Deir el-Medina, m'chaka cha 29 cha ufumu wa Ramesses III, pamene amisiri a manda a mafumu anaika zida pansi chifukwa tirigu wa malipiro ao anachedwa.

Madzulo achitatu ndinaitana mwanayo kuti akhale pa mphasa pamodzi ndi agogo ache, ndiwo amai anga, amene anabadwira pa munda wa Mzungu. Ndinamuuza kuti awafotokozere za piramidi m'chinenero chathu. Anayamba mwamanyazi, nanena za mamita ndi za miyala, ndipo agogo anangokhala chete alikusenda nandolo. Koma atafika pa Merer ndi masiku amene analemba, agogo anaimitsa manja, nati, "Kodi kapitao ameneyo analemba masiku onse, kapena ena anadya?" Mwanayo anati sadziwa. Pamenepo agogo anayamba kunena za tikiti ya atate ao, ndi za chaka chimene anagwira kufikira udzu unatha chimanga m'munda wao womwe. Anakamba kufikira moto unazima, ndipo mwanayo anatenga pensulo, nalemba ku tsamba lotsiriza la kope lija, kumene kunali kopanda kanthu.