Mau Tawamva, Nanga Dzina Liri Kuti?

Pa msika, pa ukwati ndi m'lamya za ana athu timamva nyimbo zobvinira zopanda woomba ng'oma. Kugunda kwace kumacokera m'makina a magetsi. Ambiri a ife timayesa kuti nyimbo zotere anaziyamba amuna okhaokha. Si zoona. Akazi anagwira nao nchitoyi, koma nthawi zambiri maina ao sanalembedwe. Lero tiwerenge za akazi atatu, ndipo tiweruze nchito yao.

Oyamba ndi Mai Delia Derbyshire a ku England, obadwa m'caka ca 1937. Anaphunzira masamu ndi nyimbo ku Cambridge. Mu 1959 anapempha nchito ku kampani ya Decca, koma anauzidwa kuti m'nyumba zojambuliramo nyimbo salembamo akazi. Pambuyo pace analowa nchito ku wailesi ya BBC.

Mu 1963 Bambo Ron Grainer analemba nyimbo papepala, yotsegulira sewero la pa kanema lochedwa Doctor Who. Amene anaisandutsa mau omveka ndi Mai Delia. Liu liri lonse analijambula palokha pa tepi, ndiye kalamba kopyapyala kosunga mau. Anayesa utali wace, nadula ndi lumo, nalumikiza tizidutswa monga timalukira mphasa, bango limodzi-limodzi.

Nyimbo imeneyi si yobvinira kwenikweni, koma ndi nchito yabwino. Pansi pace pali liu lalikulu lobwereza-bwereza ngati mapazi a munthu wothamanga. Pamwamba pali liu lolira ngati mwera pa nyanja. Kudula mau ndi kuwabwereza kotere ndiko acita opanga nyimbo zobvinira lero, ngakhale iwo ali ndi kompyuta m'malo mwa lumo. Bambo Grainer anafuna kuti dzina la Mai Delia lilembedwe pamodzi ndi lao, koma akulu a wailesi anakana. Mai Delia anamwalira mu 2001. Dzina lao linaoneka pa seweroli mu 2013, eni ace atagona kale zaka 12.

Aciwiri ndi Mai Donna Summer, mkazi wakuda wa ku America. Mu mzinda wa Munich ku Germany, anajambula nyimbo yochedwa I Feel Love pamodzi ndi Giorgio Moroder ndi Pete Bellotte, ndipo inaturuka mu 1977. Pafupifupi zoimbira zonse zinacokera m'makina ochedwa Moog. Anthu ambiri odziwa nyimbo amati mabvinidwe atsopano a magetsi anayambira pamenepa.

Apa tinene zoona: makina ali ndi cirema cace. Woomba ng'oma wa kwathu amayang'ana mapazi a wobvina. Wobvina akafulumira, ng'oma ifulumira; akatembenuka, ng'oma imyankha. Makina alibe maso. Ali ngati cigayo: sicitopa, siciphonya, koma sicidziwa mwini cimanga. Mverani nyimbo ya 1977 ija. Pansi makina athamanga osapuma, koma pamwamba mau a Mai Donna ayenda pang'ono-pang'ono, aatali ndi ofewa, ndipo timamva kuti muli munthu wopuma mpweya. Cotsani mau amenewo, patsala cigayo cokha. Mai Donna anali ndi mwai: dzina lao linalembedwa pa mbale ya nyimboyo, monga woimba ndiponso monga mmodzi wa olemba ace.

Acitatu ndi Mai Martha Wash, naonso a ku America, amene anayamba kuimba m'chalichi. Mu 1990 gulu la C+C Music Factory linatulutsa nyimbo yochedwa Gonna Make You Sweat, ndipo inabvinidwa m'maiko ambiri. Mphamvu ya nyimboyi iri pa mfuu imodzi ya mkazi, yaikulu ngati ya mtsogoleri wa nyimbo pa bwalo. Mfuu imeneyo ndi ya Mai Martha. Koma iwo anali a thupi lalikulu, ndipo pa kanema anaonetsa mkazi wina wocepa thupi akungogwedeza milomo. Wolima anali wina, woyamikidwa wina.

Mai Martha sanakhale cete. Anapita nao mlandu ku khoti. Mlanduwo unatha pa kugwirizana, ndipo dzina lao linayamba kulembedwa pa kanemayo monga mwini mau.

Sitikunena kuti amuna sanacite kanthu. Bambo Grainer analemba nyimbo yabwino, ndipo Bambo Moroder anawadziwa makina ao. Mutu umodzi susenza denga. Koma denga likakwera, onse amene analisenza achulidwe maina. Cimene timakonda m'nyimbo izi si magetsi, koma dzanja limene linadula tepi ndi pakhosi pamene panaturuka mau. Wobisa dzina la mkazi wabisa gawo lokoma la nyimboyo.

Nkhani imeneyi si yacilendo kwa ife. Timadziwa amene amapalira, kukolola ndi kusenza thumba, ndipo timadziwa dzina limene limalembedwa kawiri-kawiri pa kapepala ka malonda. Kale tinkangodinda cala, osaona cimene calembedwa. Tsopano tikuphunzira zilembo. Tikamva nyimbo yokoma, tibvine ndithu. Koma tifunsenso kuti waimba ndani, ndipo tiwerenge ngati dzina lace liripo.

Mafunso okambirana

1. Mai Delia anapanga bwanji mau a nyimbo popanda kompyuta?

2. Woomba ng'oma amaposa makina pa ciani?

3. M'mudzi mwathu, ndi nchito ziti zimene akazi amagwira koma dzina lao osalembedwa?