Gule Akatulukira Pamsewu ku Furancungo

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, midzi ya ku Macanga ndi ku Tsangano imayamba kumveka ng'oma. Ndiyo nyengo ya ziliza, chinamwali ndi kulonga mafumu, ndipo gule wamkulu amachoka kudambwe kudzera m'misewu ya anthu. Wanjinga amatsika, ogulitsa mbatatesi amatchinjiriza madengu awo, ana amathawa koma osapita patali.

Ambiri amatamanda zilombo: Makanja wamtali ngati mtengo, Chadzunda, Maliya, ndi Kasiyamaliro amene amaperekeza wakufa. Ine mtima wanga uli pa woimba ng'oma ya mbalule. Iyeyu maso ake sachoka pamapazi a gule. Phazi likatembenuka, dzanja latembenuka kale. Wawamba ng'oma pamoto, wamata phula pakati pachikopa kuti liwu litsike bwino, ndipo palibe amene amamufupa monga afupira wovina. Amayi oimba ndi kuwomba m'manja nawonso ndiwo amanyamula bwalo lonse.

UNESCO inalemekeza guleyu mu 2005, m'dzina la Mozambique, Malawi ndi Zambia. Mwezi wa Ogasiti magule a kuno amawoloka malire kupita ku Mkaika, ku Katete, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi.