ZA KUTCHULA MNZATHU MFITI

Abale ndi alongo a mu Mpingo, alipo mau amene atuluka msanga pakamwa pathu, koma akatuluka sabwezeka, ndiwo mau akuti "mfiti." Mwezi uno ndifuna kuti tiwayese mau amenewa, tione ngati ayenera kukhala pa lilime la Mkristu.

Ambiri a inu muli ndi ana kapena abale ku Blantyre, ena ku Ndirande, ena ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, ndipo munafikako pa maliro. Mudziwa umo zichitikira. Mwana wadwala masiku atatu, namwalira. Amai a Mvano asonkhana m'nyumba naimba usiku wonse, amuna ali pamoto panja. Koma nyimbo ikatha, ina isanayambe, pamveka manong'onong'o. Wina ati, "Imfa iyi njosamveka." Mnzache ayankha, "Kodi agogo aja a kuseri kwa mpopi sanamgwire mwanayu pamutu tsiku la Sabata?" Kusanache dzina lafalikira m'nyumba zonse za mzerewo, pakuti m'matauni nyumba zili zothithikana, ndipo mau a khomo limodzi amveka m'makomo khumi. M'mawa mwache nkhalamba ija ibwera kudzakhuza maliro, ndipo anthu asuntha pamphasa. Amene anayamba kunong'ona sanali akunja ai. Ndife eni, obatizidwa, akudya Mgonero.

Sindifuna kutsutsana nanu lero ngati ufiti ulipo kapena palibe. Ofufuza a Afrobarometer anaulutsa m'chaka cha 2022 kuti mwa Amalawi anai ali onse, atatu akhulupirira kolimba kuti ulipo. Ndipo mwa iwo ambiri ndiwo Akristu. Funso langa ndi lina, ndipo ndi ili: ngakhale ufiti ukhalepo, mwadziwa bwanji kuti mfitiyo ndi uyu? Pakuti kukhulupirira kuti akuba alipo sikundipatsa mphamvu ya kuloza mnansi wanga ndi kunena, Wakuba ndiwe.

Taonani amene atchulidwa. Munthu wa chuma amnena kuti anakhwima, koma amnenera patali, ndipo akakomana naye amgwadira. Miyala igwera wosowa omtchinjiriza: mkazi wamasiye amene ana ache anatha, nkhalamba imene nzeru zayamba kuichokera nilankhula yokha panjira, munthu wakhunyu, mwana wamasiye wokhala pakhomo pa eni. M'mwezi wa January 1916 ai, koma wa 2016, masiku athu omwe ano, ku Neno mphenzi inapha mtsikana, ndipo khamu linapha okalamba anai a banja lomwelo, ati ndiwo anatumiza mphenziyo. M'chaka cha 2017 mbiri ya anamapopa inachokera ku Mulanje ndi ku Phalombe nifika ku Blantyre. Anthu anafa m'manja mwa khamu, ndipo mmodzi wa iwo anali mnyamata wodwala khunyu. Palibe mmodzi wa iwo anapezedwa ndi mwazi wa munthu m'manja mwache. Koma amene anawapha anapita kwao nao mwaziwo.

Nanga umboni wache uchokera kuti? Tikafunsitsa tipeza magwero atatu. Loyamba ndilo loto: wina analota agogo akumthamangitsa. Lachiwiri ndilo mau a mwana, amene akulu amzinga namfunsa usiku wonse kufikira wabvomera kuti anakwera lichero napita kumanda ndi uje. Lachitatu ndilo mau a munthu wodzitcha mneneri, amene aima pa msonkhano wa mapemphero, natseka maso, nanena kuti aona mkazi wokalamba wa kuchimuna akumanga mwai wa banja lino. Abale, tinene zoona. Makolo athu ankapita ku ula, ndipo wotchulidwayo ankamwa mwabvi. M'zaka za m'ma 1930 kunadza a mchape kuchokera cha ku Mulanje, nayenda midzi ndi midzi kufikira ku Northern Rhodesia, nandandalika anthu, nawayang'ana pa kalilole, nawamwetsa mankhwala, nalonjeza kuti ufiti watha m'dziko. Iwo anapita ndi ndalama, ndipo imfa inatsala pomwepo. Tsono ngati ife tataya ula wa woombeza, koma tachita nchito yomweyo ndi Buku Lopatulika m'manja, tasintha chiani? Chobvala chokha.

Mudziwenso kuti lamulo la dziko lino, lolembedwa m'chaka cha 1911, liletsa kumwetsa mwabvi, liletsa kutchula munthu mfiti, ndi kuitana munthu kuti adzaloze mfiti. Mkristu wochita izi alakwira Mulungu ndi boma lomwe.

Koma wina adzati, Nanga pa Eksodo 22:18 sipalembedwa za chilango cha wanyanga? Inde palembedwa. Koma Mose yemweyo anatipatsa lamulo lachisanu ndi chinai loletsa umboni wonama. Ndipo pa Deuteronomo 19 aphunzitsa kuti mlandu sukhazikika pa mboni imodzi, kuti oweruza afunsitse bwino, ndi kuti mboni yonama ilandire chomwe inafunira mbale wache. Ndani wa ife angalole kuima pansi pa lamulo limenelo ndi loto lache? Si bwino kutola mau amodzi a Mose otikonda ndi kusiya ena otitsutsa. Ndipo m'Chipangano Chatsopano tipeza anyanga eni eni, osati ongoganiziridwa. Simoni wa ku Samariya anachita matsenga poyera. Petro anamdzudzula namuuza alape, koma sanamponye mwala. A ku Efeso anatentha mabuku ao a matsenga ndi manja ao, mwa kufuna kwao. Palibe mtumwi anatentha nyumba ya munthu. Ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wosaona kuti wolakwa ndani, Ambuye anakana kuloza munthu. Ndipo tisaiwale kuti Ambuye mwini anamnenera kuti agwira nchito ndi mphamvu ya Beelzebule. Potchula mnzathu mfiti popanda umboni, tiima pamodzi ndi alembi amene anamnenera Iye.

Tisayese kuti nthenda iyi ndi ya anthu akuda okha. Mishoni ya Blantyre inayamba m'chaka cha 1876, ndipo anaiyamba ndiwo a Eklesia wa ku Scotland. Dziko lomwelo limene linatitumizira Uthenga Wabwino linali ndi lamulo la kupha mfiti kuyambira 1563 kufikira 1736. Anthu ngati 4,000 anatchulidwa, ndipo ngati 2,500 anaphedwa, ochuluka a iwo akazi. Abusa ndi akulu a Mpingo anathandiza kuwafunsa milandu, ndipo otchulidwawo ankawaletsa tulo masiku ambiri kufikira atabvomera chiri chonse. Womaliza kuphedwa anali Janet Horne wa ku Dornoch, m'chaka cha 1727, mkazi wokalamba wosokonezeka nzeru. Mwana wache wamkazi anali wopunduka manja ndi mapazi, ndipo anansi anati amache ndiwo anamsandutsa kavalo namkwera usiku. Kodi nkhani iyi siifanana ndi za lichero zimene timva ku Bangwe? Ku Salem, m'dziko la America, m'chaka cha 1692, mau a atsikana ang'ono anapachikitsa anthu 19, ndipo oweruza anali anthu opemphera. Patapita zaka zisanu mmodzi wa iwo, Samuel Sewall, anaimirira m'nyumba ya Mulungu pamaso pa onse, mbusa akuwerenga kulapa kwache. Ndipo m'chaka cha 2022 Msonkhano Waukulu wa Eklesia wa ku Scotland unabvomereza kupepesa chifukwa cha mbali imene Eklesia anatengako m'kuphana kuja. Iwo anachedwa zaka pafupi mazana atatu. Kodi ife tidzadikira kuti zidzukulu zathu zidzatilapire?

Tsopano ndinene za chinthu china chimene chisokoneza achinyamata athu a m'tauni, ndipo chafika ndi kumidzi komwe. Iwo awerenga pa lamya zao kuti ku England ndi ku America kuli anthu odzitcha okha mfiti poyera, a chipembedzo chotchedwa Wicca. Pomwepo alaliki ena atenga mbiriyo nati, Onani, ngakhale Azungu abvomera. Awa ndiwo a Satana, akumwa mwazi, ndipo ndiwo atuma nthambi zao ku Ndirande. Mau otere angoonjezera nkhuni pamoto, ndipo sali oona.

Chipembedzo chimenechi si chakale ai. Anachionetsa poyera ndiye Gerald Gardner, Mngelezi amene anagwira nchito ya boma ku Malaya, napuma nabwerera kwao. Lamulo la ku England la za ufiti litafafanizidwa m'chaka cha 1951, iye anasindikiza buku lache lotchedwa Witchcraft Today m'chaka cha 1954, ndipo anthu anayamba kumtsata. Otsatawo alemekeza mulungu wamkazi ndi mulungu wamwamuna, amene awayesa eni a mwezi, nthaka, nkhalango ndi nyama. Asonkhana mwezi ukakhala wathunthu, nasunga maphwando asanu ndi atatu pa chaka monga mwa nyengo za dzuwa ndi zokolola. Achita miyambo imene aitcha matsenga, ya kufunira odwala moyo ndi kufunira anzao mwai. Satana sampembedza, pakuti sakhulupirira kuti alipo. Chiphunzitso chao chachikulu chiletsa kupweteka munthu, ndipo ambiri a iwo akhulupirira kuti choipa chimene munthu achitira mnzache chidzambwerera katatu. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anthu ngati 13,000 analemba kuti ndiwo a Wicca; ndiwo ochepa ndithu, osadzaza ngakhale mbali imodzi ya Ndirande.

Chisokonezo chagona pa kumasulira mau. Dzina limene iwo adzitcha m'Chingelezi ife talitembenuza kuti "mfiti". Koma mfiti ya m'Chinyanja ndiyo yakupha abale mobisika ndi kudya maliro, ndipo palibe munthu adzitcha chotero mokondwa. Tatenga dzina limodzi ndi kulibveka anthu atatu osiyana: sing'anga wokumba mizu, mlendo wa chipembedzo china, ndi nkhalamba yosauka ya pakhomo pathu. Tikatero, zonse zoopsa zimene tamva za mmodzi tiziika pamutu pa onse.

Musandimve molakwa. Sindinena kuti Mkristu ayanjane ndi chipembedzo cha Wicca. Pakuti lamulo loyamba litiletsa milungu yina, ndipo pamenepo tisiyana nao ndithu. Koma kukana chiphunzitso cha munthu ndi kumnamizira ndi zinthu ziwiri. Lamulo lachisanu ndi chinai silinena za Akristu anzathu okha. Akristu oyamba ku Roma anawanenera kuti pa misonkhano yao akudya nyama ya anthu, chifukwa akunja anamva za Mgonero osazindikira. Ndipo ambiri anafa nalo bodza limenelo. Ife amene tinalawa kuwawa kwache, tilibwezerenji pa ena? Ndiponso lilime lozolowera kunamizira mlendo wa kutali, amene satimva, silidzachita manyazi kunamizira mnansi wa pafupi, amene miyala yathu imfika.

Chifukwa chache, abale, tichite chiani? Choyamba, mwana akatentha thupi tithamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti malungo, chibayo ndi kolera zipha msanga, ndipo masiku otayidwa pofuna wolodza ndiwo amaliza wodwalayo. Chachiwiri, akulu a Mpingo asalole munthu ali yense, ngakhale adzitche mneneri, kutchula dzina la munthu pa mapemphero. Ndipo Mkristu wotchula mnzache mfiti aitanidwe ku bwalo la akulu monga aitanidwa wachigololo ndi woledzera, pakuti tchimo lache lingathe kupha. Chachitatu, mwana wonena za kutamba usiku tisamzinge ndi mafunso kapena kummenya. Timdyetse, timgoneke, tifunse chimene chimuopsa pakhomopo. Chachinai, khamu likayamba kusonkhana, wina athamangire kwa amfumu ndi ku polisi, ndipo Akristu aime pakhomo pa wotchulidwayo.

Ndipo chotsiriza ndi cha inu amai a Mvano, pakuti pa maliro ndinu mukhala pafupi ndi manong'onong'o. Nkhalamba ija ikalowa, anthu nasuntha pamphasa, mmodzi wa inu anyamuke akakhale pambali pache, nadye naye nsima m'mbale imodzi, onse akuona. Sichidzakhala chapafupi, pakuti ena adzati, Nayenso ndi mnzache. Koma akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife tonse tili pa njira ya ku ukalamba; maso adzafiira ndi utsi, mano adzatha, nzeru zidzayamba kuthawa, ndipo tsiku lina mwana wa mnansi adzadwala. Tsiku limenelo tidzafuna kuti mu Mpingo mupezeke munthu wozolowera kufunsa kuti, Mwadziwa bwanji?