Za Chuma Cholowa ndi Chuma Chatsopano m'Buku la Fitzgerald

Mwezi uno tifuna kukamba za buku lina la ku America lotchedwa The Great Gatsby, limene F. Scott Fitzgerald analitulutsa m'chaka cha 1925. Litiunikira chinthu chimene ife sitichiganizira kawirikawiri, ndicho chakuti pakati pa olemera pomwe pali mpanda, ndipo amene anabadwira m'chuma salola msanga kuti wolemera wa lero audumphe.

Nkhaniyo ichitika pafupi ndi mzinda wa New York, m'midzi iwiri yopenyana, madzi ali pakati. Ku East Egg kukhala Tom Buchanan ndi mkazi wake Daisy, amene chuma chao ncholowa cha makolo. Ku West Egg kukhala Jay Gatsby, mwana wa alimi osauka a ku North Dakota. Iyeyu analemera ndi malonda amseri, makamaka a mowa, pakuti kuyambira 1920 kufikira 1933 lamulo la dzikolo linaletsa kuugulitsa. Ndipo zonsezi anazichita pofuna kubweza mtima wa Daisy, amene anakondana naye asanakwatiwe.

Pamene mlembi atigwira mtima koposa ndi m'chipinda cha mabuku cha Gatsby. Mlendo wina woledzera azizwa poona kuti mabukuwo ndi enieni, si zikuto chabe ai. Koma masamba ake ngosadula. Masiku aja mabuku ambiri anagulitsidwa masamba ali ophatikana, ndipo wofuna kuwerenga anayamba wawalekanitsa ndi mpeni. Ife amene tagwira choko zaka zambiri tinaseka pamenepa, koma pambuyo pake chisoni chinatigwira. Munthuyo anagula zonse zogulika: nyumba, galimoto, malaya, oyimba, chinamsowa ndi chija chimene a East Egg anachiyamwira, ndicho kayankhulidwe ndi kudziwa amene akuitana moona ndi amene angokuitana mwa mwambo.

Koma owerenga ena alakwa poyesa kuti bukuli liseka Gatsby yekha. Taonani Tom, amene anyoza mnzake chifukwa cha mtundu wa suti yake: ali ndi mkazi wamseri, Myrtle, mkazi wa mwini garaja, ndipo tsiku lina amthyola mphuno ndi dzanja. Kodi ulemu wa mabanja akale ndi umenewu? Pamene Daisy, alikuyendetsa galimoto ya Gatsby, agunda Myrtle namupha, Gatsby atsimikiza kusenza mlanduwo. Tom ndiye auza wamasiyeyo mwini galimoto, ndipo iye apita nakaombera Gatsby, nadziphanso yekha. A Buchanan amanga katundu nachoka, osasiya mau a kumene apita. Chuma chakale chiwatchinjiriza monga linga, pamene chatsopano chisiya mwini wake pambalambanda.

Chimodzi titsutsana naye mlembi. Amchitira Gatsby chifundo chopitirira, kotero kuti wowerenga aiwala kuti munthuyu anasirira mkazi wa mnzake, ndipo za iwo amene anaonongeka ndi malonda ake sitimva kanthu. Komabe tsamba la maliro nlovuta kuliwerenga ndi maso ouma. Mwa mazana aja amene anadya ndi kumwa kwake, anafika kumanda mmodzi yekha, mlendo uja wa m'chipinda cha mabuku, napeza bambo wake wokalamba, mnansi wake Nick, mbusa, wamtengatenga ndi antchito owerengeka ali chiimire pamvula. Daisy sanatumize uthenga, ngakhale duwa.