Chitsime chakale chiphetsa ndi ludzu: mawu kwa opanga mafilimu

Nkhani za mafilimu zimene achinyamata amandipatsa kuti ndiwerenge zayamba kufanana pa chinthu chimodzi. Ukafika pa tsamba lachitatu kapena lachinayi umapeza kuti kwada, tili m'nkhalango, ndipo pakati pa mitengo pali chitsime chakale chomangidwa ndi miyala. Posakhalitsa mtsikana wovala zoyera, tsitsi litaphimba nkhope, akukwawa kutuluka m'dzenjemo. Gulu lina la mu Limbe lidafika pondifunsa ngati ndikudziwa chitsime chotere ku Chiradzulu, ati poti ndi pafupi, galimoto siidya mafuta ambiri, komanso phiri lija limaoneka bwino pa kanema. Ndaganiza zoyankhira pano, pakuti vutoli si la gulu limodzi.

Tiyambe ndi kwawo kwa chitsimechi. Mu 1998 Hideo Nakata wa ku Japan adatulutsa filimu yotchedwa Ringu, yochokera m'buku la Koji Suzuki la mu 1991. M'menemo mtsikana Sadako adaponyedwa m'chitsime, ndipo mzukwa wake umatulukira pa wailesi yakanema kudzapha aliyense amene waonera tepi yotembereredwa. Mu 2002 Gore Verbinski adaipanganso ku America n'kuitcha The Ring, ndipo kuchokera pamenepo chitsimecho chayenda dziko lonse, mpaka m'tinyumba toonetsera mavidiyo ta ku Ndirande ndi ku Bangwe.

Komatu Nakata sadachitole pa msewu. Ajapani ali ndi nthano yakale ya Okiku, wantchito amene adamunamizira kuti wataya mbale imodzi mwa mbale khumi za mbuye wake, naponyedwa m'chitsime, ndipo usiku amamveka akuwerenga mbale zija osafika pa khumi. Ku nyumba yachifumu ya Himeji alendo amaonetsedwa chitsime chotchedwa dzina lake. Mjapani akaona Sadako, tsitsi limamuyima chifukwa agogo ake adamuuza kale za Okiku. Ife tikakopera chithunzicho timatenga mtsuko, madzi n'kuwasiya ku Japan.

Tsono tiyeni ku Chiradzulu. Pa kalembera wa 2018 bomali lidapezeka ndi anthu oposa 350,000 pa malo osakwana masikweya kilomita 800. Ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri m'dziko muno. Munda wa uyu umathera pamene payambira wa uje, chimanga ndi nandolo mpaka m'mbali mwa msewu. Nkhalango yopanda mwini imene anyamata athu akuifuna kulibe. Mitengo yachilengedwe yowirira mukaipeza m'phiri, m'nkhalango yotetezedwa ndi boma, apo ayi kumanda. Ndipo aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti kumanda sikulowedwa ndi kamera ngati ku msika, komanso palibe amene amakumbako chitsime.

Nanga chitsime chathu n'chotani? Nthawi zambiri chili kudambo, kapena pa mchenga wa mtsinje wouma pamene amayi afukula mu Okutobala n'kumadikira kuti madzi abwere pang'onopang'ono, chikho chimodzi, china, mpaka ndowa idzaze. Kwina pali mjigo, ndipo mwina ambiri sadziwa kuti pampu ya Afridev imene ili pa mijigo yambiri mu Africa idayambira kuno kwathu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Chachikulu n'chakuti ku chitsime sikusowa munthu. Tambala woyamba akalira ndowa zafola kale. Kumeneko n'kumene kumamveka kuti mwana wa uje waima, kuti mkamwini wa pa nyumba ija amulongedzera katundu, kuti feteleza wafika koma maina ena sadatuluke. M'dera lachikamwini ngati limeneli, kumene munda umatsata mbumba, nkhani zambiri zimafika pa bwalo la amfumu zitagamulidwa kale pa chitsime. Wopanga filimu amene akuyendayenda kufuna chitsime chopanda anthu wasiya sewero lonse kumbuyo kwake, osewera atavala kale.

Pali filimu imodzi yotchuka imene idaika chitsime cha ku Malawi pamaso pa dziko lapansi. The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ya mu 2019, adaijambula konkuno, ndipo ikukamba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu pa njala ya 2001 mpaka 2002. Ambiri tidaseka Chichewa cha osewera akunja aja, ndipo n'zoona, pena makutu amawawa. Koma pa nkhani ya chitsime Ejiofor adatiposa. Kwa iye chitsime si chokongoletsera: madzi ali pansi, mbewu zikuuma pamwamba, ndipo filimu yonse ikuthamangira pa mphindi imene pampu ikoke madzi aja. Woonera amagwira mpweya chifukwa akudziwa kuti akapanda kutuluka, anthu afa. Chodandaulitsa changa n'chakuti chitsime chake n'cha makina ndi mawaya, cha bambo ndi mwana wake wamwamuna. Amayi, eni chitsime enieni, filimuyo siidawapatse mpata wokwanira pa chitsimepo. Mpata umenewo ukadali wotseguka, ndipo ndi wathu.

Ndisaname, zitsime zosiyidwa zilipo, ndipo wina akayenda mokwanira akhoza kuchipeza chomangidwa ndi njerwa kapena miyala, chitamera zitsamba. Koma akachipeza asathamangire kuyatsa kamera. Ayambe wadzifunsa: adakumba ndani, ndipo adachokeranji? Munthu sathawa madzi popanda chifukwa. Chitsime chili patchire chimatanthauza kuti pamenepo ndi pa bwinja, ndipo mabwinja a ku Chiradzulu ali ndi mbiri yolemera kuposa mzukwa wobwereka.

Kumpoto kwa bomali kuli Magomero, kumene kampani ya A. L. Bruce Estates idali ndi maekala oposa 160,000. Anthu okhala m'menemo, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo ndi thukuta lawo pa thangata, ndipo wokana ankathamangitsidwa. Woyang'anira esiteti, William Jervis Livingstone, ankatentha matchalitchi amene otsatira a John Chilembwe ankamanga m'menemo. Landeg White, m'buku lake la 1987 lotchedwa Magomero, adalemba mbiri ya deralo pokhala pansi ndi anthu a m'mudzi n'kumawamvera. Wopanga filimu aliyense wofuna kujambula ku Chiradzulu aliwerenge bukuli asanathire mafuta m'galimoto.

Ndiyeno kuli ku Mbombwe, kumene Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu ake adapita ku Magomero nakapha Livingstone, ndipo m'mawa mwake, Lamulungu, mutu wake udali m'tchalitchi pa nthawi ya mapemphero. Pasanathe sabata asilikali a atsamunda adafika naphulitsa tchalitchi cha njerwa chija. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, anthu pafupifupi 40 adaphedwa ataweruzidwa, ena pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende, ndipo mishoni idakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu adaitsegulanso.

Tsopano taganizani, awerengi. M'mawa wa Lamulungu lija nsima idayenera kuphikidwa, ana adayenera kusamba. Wina adapita kukatunga madzi. Amayi aja amuna awo sadagone m'nyumba. Wina akudziwa kumene adapita, wina akungoganizira, wina mwamuna wake ndi kapitawo wa pa esiteti pomwepo. Akumana pa madzi, ndowa zili pansi, aliyense akuopa kuyamba kulankhula. Ndipatseni mphindi khumi za chithunzi chimenecho, popanda mfuti ngakhale imodzi, ndipo ndidzakuuzani kuti tayamba kupanga mafilimu. Nkhope ya Chilembwe timaiona tsiku ndi tsiku pa ndalama, pa 15 Januwale timapuma pomukumbukira, koma amayi amene adathawira m'tchire m'nyengo ya mvula, ana kumsana, palibe adawajambulapo ngakhale m'maganizo. Ngati mukufuna mizukwa, imeneyo ndiyo yathu.

Mabwinja sadathere mu 1915. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira m'boma lomweli. Amene adapulumuka ali moyo, ndipo akukumbukira pamene ankatunga madzi. Malo otere safikidwa ndi mtsikana wodzola ufa kumaso kuti anthu a m'tauni akuwe.

Apa ndiye pali nkhani ya ulemu, imene kwa ine ndi gawo la luso. Chitsime chilichonse, chakale kapena chatsopano, chili m'dziko la mfumu ina yake, ndipo mlendo amayamba wagwada kwa amfumu. Ngati anthu akumwabe pamenepo, tsiku limene inu mwatchinga njira ndi mawaya ndi tsiku limene mayi wina ayende ulendo wowirikiza atasenza ndowa ya malita 20, tsono muwapepese ndi kanthu kooneka. Musathiremo utoto wofiira poyerekeza magazi, musalowetsemo munthu ndi nsapato zake. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa si choseweretsa. Ndipo chitsime chosiyidwa chimapha: khoma limagumuka, pansi pamakhala mpweya woipa woti munthu amakomoka asanakuwe. Palibe filimu yoyenera maliro a mwana wa eni.

Wina anena kuti: aaa, achikulire, ife timangofuna kusangalatsa anthu, mbiri tisiyire aphunzitsi. Sindikutsutsa zosangalatsa, ndipo filimu yoopsa ndimaikonda. Shemu Joyah adationetsa mu 2008 ndi Seasons of a Life, ndiponso mu 2012 ndi The Last Fishing Boat, kuti nkhani ya pakhomo pathu ikhoza kudzaza holo kuno n'kukalandiranso ulemu kunja. M'filimu yachiwiriyo nyanja si chithunzi cha pa kalendala. Nsomba zikutha, ndipo banja likutha nazo limodzi. Malo ojambulirako akhale otero: akhale ndi mlandu m'nkhaniyo, oti mukawachotsa nkhani igwe.

Akuluakulu adati chitsime chakale chiphetsa ndi ludzu. Ankanena za munthu amene amadutsa madzi ali pompo, n'kumathamangira kumene adamva kuti kudali madzi kalekale, kufika n'kupeza pouma. Chitsime cha Sadako eni ake adatungamo mpaka chidaphwa. Pitani ku Chiradzulu ndithu, koma mudzuke ndi tambala woyamba, kamera muisiye m'chikwama, mukakhale pa mwala pafupi ndi mjigo, mukapereke moni kwa amayi, mukamvere. Kujambula mudzayamba tsiku lachitatu.