Misozi ya Antchito a M'mafamu m'Buku la Catherine Buckle

Buku la Catherine Buckle lotchedwa African Tears, lomwe linatuluka mu 2001, likulongosola mmene famu yake ya kufupi ndi Marondera, m'chigawo cha Mashonaland East ku Zimbabwe, inalowereredwera mu 2000. Mlembiyu ali ndi luso losonyeza mantha monga amakhalira m'thupi: tulo tosabwera, mtima wodumpha pakamveka phokoso kuchipata. Akatswiri a matenda a maganizo amati zotere n'zizindikiro za chilonda chimene zoopsa zimasiya mumtima.

Chithandizo cha nthendayi choyang'ana pa zochita za munthu chimaima pa mfundo yakuti kuthawa chikumbukiro kumalimbitsa mantha. Wodwala amathandizidwa kufotokoza zimene zinamugwera mwatsatanetsatane, mobwerezabwereza, ndi kubwerera pang'onopang'ono ku ntchito ndi malo amene amawapewa. Tikaliwerenga motero, bukuli likuchita mbali ina ya ntchitoyi kwa mwini wake, poti iye wasanja zowawa zake m'ndondomeko ndipo dziko lamumvera.

Kufooka kwa bukuli kwagona pa antchito. Buckle akuwamvera chisoni, komabe timawaona kudzera m'maso a bwana. Ambiri mwa antchito a m'mafamu a ku Mashonaland anali ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Pamene mafamu ankalandidwa, iwo anataya ntchito, nyumba za m'komboni ndi manda a makolo awo. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a mu 2013 anatsegulanso njira kwa obadwira m'dzikomo. Nanga munthu amene wathamangitsidwa pakomboni angabwerere bwanji pang'onopang'ono kumalo kumene anazunzikira?

Ntchito ya Friendship Bench, imene anayambitsa dokotala Dixon Chibanda ku Harare, yasonyeza kuti agogo ophunzitsidwa angathe kuthandiza wovutika maganizo pomumvera m'Chishona ndi kumutsogolera kusankha chochita. Phunziro lake n'lakuti munthu amachira bwino m'chiyankhulo chimene amalirira.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Buckle anatsekula chake, ndipo sitingamudzudzule chifukwa chotero. Funso latsalira alembi a Chichewa: ndani adzakhale pansi ndi nkhalamba za ku Chegutu, Bindura ndi Marondera, kulemba mbiri yawo m'mawu awoawo zisanamwalire?